Malenzi Osintha Mtundu wa Maso: Oyenera Inu Ndi Ati, Nanga Muwavale Bwanji?

Munthu akaganiza zogula malenzi autoto, amayamba ndi kudzifunsa kuti atenge a buluu, otuwa, obiriwira kapena ooneka ngati uchi. Ine ndikupemphani kuti funso limenelo mulisunge kaye, libwere kumapeto. Ndolo ikakukanani mumangoivula n'kuiponya m'kabati, koma lenzi limakhala pamwamba penipeni pa cornea, kachigawo koonekera ngati galasi kamene kali kutsogolo kwa diso. Cornea ndi mnofu wamoyo, ndipo chilonda chikabuka pakati pake chimatha kusiya chipsera chimene munthu adzaonera nacho chifunga moyo wake wonse. Anthu ambiri amavala malenzi amenewa zaka ndi zaka osaona vuto. Amene amathera kuchipatala kawirikawiri ndi amene anagula lenzi losayezedwa pa diso lawo, kapena anasankha gulu la malenzi lofuna chisamaliro chimene iwo sakanakwanitsa.

Zoyenera kuyang'ana musanatulutse ndalama

Choyamba ndi kukwana. Maso a anthu amasiyana kukula ndi kupindika kwake. Pa bokosi la malenzi mupeza zilembo BC ndi DIA. BC imanena za kupindika kwa lenzi, ndipo pa malenzi ofewa ambiri nambala yake imakhala pafupi ndi 8.6. DIA ndi kutambalala kwake, kawirikawiri mamilimita 14.0 mpaka 14.5, pamene cornea yeniyeniyo ndi ya mamilimita pafupifupi 12. Lenzi lokwana bwino limasuntha pang'ono munthu akaphethira, kuti misozi idutse pansi pake n'kukokolola zinyalala. Lokhwefuka limayendayenda, utoto n'kumabwera pa mwana wa diso. Lothina limakakamira, diso n'kufiira ndi kutupa. Chovuta n'chakuti lenzi lothina limamveka bwino maola oyamba, popeza silikusuntha, choncho mwiniwake sangalizindikire pongomva. Amene angaone zimenezi ndi katswiri wa maso pa makina ake ounikira.

Nkhaniyi ikukhudzanso inu amene mumaona bwinobwino ndipo mukufuna malenzi opanda mphamvu, olembedwa 0.00. Lenzi lopanda mphamvu limagona pa cornea yomweyo. N'chifukwa chake ku United States, kuyambira 2005, lamulo limaika malenzi onse, ngakhale ongokongoletsa, m'gulu la zipangizo zachipatala zoyang'aniridwa ndi FDA, bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala, ndipo kuwagulitsa popanda pepala la dokotala ndi mlandu. Japan nayonso inaika malenzi ongokongoletsa m'gulu la zipangizo zachipatala mu 2009. Ngati muli kale ndi pepala la magalasi ovala pamphuno, dziwani kuti silikwanira. Lilibe miyezo ya BC ndi DIA, ndiponso kwa amene magalasi awo ndi amphamvu kwambiri, nambala imasintha galasi likachoka pamphuno n'kukakhala pa diso.

Chachiwiri ndi mpweya. Cornea ilibe mitsempha ya magazi, n'chifukwa chake kuwala kumadutsamo popanda chotchinga. Okosijeni imamulandira kuchokera mumpweya wakunja kudzera m'misozi. Lenzi lililonse limapinga njira imeneyi, kungoti ena amapinga kwambiri. Malenzi ofewa oyamba anawapanga Otto Wichterle ku Prague mu 1961, ndi pulasitiki womwa madzi wotchedwa hydrogel, ndipo mpaka lero malenzi autoto ambiri ndi a pulasitiki wa banja limeneli. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera silicone hydrogel, amene amalowetsa okosijeni wochuluka kangapo. Nambala yosonyeza zimenezi imalembedwa kuti Dk/t, ndipo ikakhala yokwera ndiye kuti diso likupuma bwino. Cornea ikamaperewera mpweya tsiku ndi tsiku imatupa, kuona kumayamba kuchita nkhungu, kenako timitsempha ta magazi timamera kuchokera m'mbali kulowera pakati. Zonsezi zimachitika popanda ululu. Chakudza sichiimba ng'oma. Kwa wovala maola atatu pa phwando, nkhani ya mpweya ndi yaing'ono. Kwa wovala kuyambira m'mawa mpaka usiku masiku onse, ndi nkhani yaikulu kwambiri.

Chachitatu ndi utotowo. Mtundu wa diso umachokera ku melanin, utoto wachilengedwe wa m'thupi, amene ali mu iris, mphete ija yozinga mwana wa diso, ndipo anthu ambiri padziko lapansi ali ndi maso abulauni, a melanin wochuluka. Utoto wina wa malenzi ndi wopepuka zedi, kabuluu kongothandiza kuti lenzi lioneke likagwa pansi, ndipo susintha diso ngakhale pang'ono. Wina ndi woonekera mkati, wongokoleza mtundu umene ulipo kale. Umenewu umagwira pa maso a buluu kapena obiriwira, koma pa diso labulauni woderapo umangosowa. Wachitatu ndi wophimba, timadontho ndi timizere tojambulidwa motsanzira iris, pakati n'kusiyapo kabowo koyera koonerapo. Ndi wokhawu umene umasinthadi diso lakuda. Koma kabowo kaja sikakula, pamene mwana wa diso amakula: padzuwa amatha kuchepa kufika mamilimita 2, mumdima n'kutambasuka kuyandikira 8. Usiku m'mbali mwake mumalowa utoto, magetsi n'kumaoneka ngati azingidwa ndi utsi. Funsaninso kumene utotowo uli. Opanga ena amautsekera mkati mwa pulasitiki, ena amangousindikiza pamwamba. Wapamwambawo umachititsa lenzi kukhala lokhakhala, limakanda chikope kapena cornea, ndipo mabakiteriya amakakamirapo mosavuta.

Ndi zimenezi m'maganizo, gulu lililonse la malenzi ndiliyesa pa zinthu zinayi: mtengo wake pa chaka chonse, kuphatikizapo madzi otsukira ndi kuyezetsa maso, kupezeka kwake, makamaka a mphamvu yanu, kasamalidwe kake, kutanthauza ntchito imene mudzaigwiradi usiku mutatopa, ndi zoopsa zake.

Malenzi a tsiku limodzi

Awa mumatsegula kapaketi m'mawa, mukavula madzulo mumataya.

Mtengo: apa masamu amatengera kuti muzivala kangati. Wovala tsiku lililonse afunika malenzi 730 pa chaka, pamene mnzake wa malenzi a mwezi afunika 24 okha, choncho kwa iyeyu a tsiku limodzi ndi odula koposa. Koma wovala kawiri pa mwezi afunika 48 pa chaka, osagula madzi otsukira kapena kabokosi kosungiramo, ndipo otsala m'mapaketi osatsegula amadikira mpaka tsiku lotha ntchito lolembedwa pa bokosi.

Kupezeka: makampani akuluakulu ali nawo, monga 1-Day Acuvue Define a Johnson & Johnson ndi Dailies Colors a Alcon. Mitundu yosankhapo ndi yochepa poyerekeza ndi a mwezi, ndipo ena m'gululi amangokoleza mphete yakuda ya m'mphepete mwa iris osasintha mtundu weniweni. Ngati maso anu ndi oderapo, yesani kaye lenzi limodzi musanagule bokosi. Amene ali ndi astigmatism, vuto la cornea yopindika mosafanana mbali zonse, adzavutika kupeza malenzi autoto okonza vutoli, m'gulu lino ngakhalenso m'magulu enawo.

Kasamalidwe: kusamba m'manja ndi sopo, kupukuta ndi nsalu yosasiya ulusi, basi.

Zoopsa: ndi zochepa kuposa magulu ena onse, chifukwa kabokosi kosungiramo malenzi, komwe tizilombo timakonda kuswana, palibe. Msampha wake ndi chisoni cha ndalama. Lenzi limaoneka labwinobwino madzulo, munthu n'kulibwezera m'kapaketi kake kuti avalenso mawa. Madzi a m'kapaketiko sapha tizilombo, ndipo lenzi lopyapyala chonchi silinapangidwe kuti lizitsukidwa. Ambiri a gululi ndi a hydrogel, choncho mukawavala maola ambiri diso limayamba kuuma.

Malenzi a milungu iwiri kapena mwezi umodzi

Mtengo: kwa munthu wovala pafupifupi tsiku lililonse, awa ndiwo otsika mtengo mwa malenzi odalirika, ngakhale mutawonjezera madzi otsukira ndi timabokosi. Koma pali chinthu chimene ambiri amachimva molakwika. Mwezi umawerengedwa kuchokera tsiku limene mwatsegula kapaketi, osati kuchuluka kwa masiku amene mwavala. Mukamavala Loweruka lokha, ndiye kuti pakutha mwezi mutaya malenzi amene mwavala kanayi kokha. Pamenepo phindu lonse latha.

Kupezeka: m'gulu lino ndi momwe muli mitundu yambiri, ya utoto wophimba wogwira bwino pa maso akuda, komanso ya mphamvu zosiyanasiyana kwa osaona patali kapena pafupi. Ndi munonso mmene mungapeze malenzi autoto a silicone hydrogel, monga Air Optix Colors amene anatuluka mu 2014. Dzina la pulasitiki limalembedwa pa bokosi. Funsani katswiri wanu akuuzeni ngati ndi lolowetsa mpweya wambiri.

Kasamalidwe: apa ndipo pagona nkhani, ndipo ndikufuna mudziyese moona mtima. Usiku uliwonse mumasamba m'manja, kuvula lenzi, kuliika pachikhatho, kudonthezera madzi otsukira ndi kulitikita pang'onopang'ono ndi chala mbali zonse ziwiri, kenako kulitsukuluza. Chitani zimenezi ngakhale botolo litalembedwa kuti kutikita n'kosafunika, chifukwa chala n'chimene chimachotsa litsiro lokakamira. M'kabokosi muzithira madzi atsopano nthawi iliyonse. Kungowonjezera atsopano pa adzulo kumafooketsa mankhwalawo. M'mawa mukavala malenzi, tayani madzi otsala, tsukani kabokosi ndi madzi otsukira omwewo, kapukuteni ndi kapepala koyera, n'kukaika chozondoka, zivindikiro zili padera, kuti kaume. Pakatha miyezi itatu kabokosiko katayeni.

Madzi otsukira nawonso ali pawiri. Ena ndi a ntchito zonse, otsuka, kupha tizilombo ndi kusungira. Ena ndi a hydrogen peroxide wa 3 peresenti, amene amapha tizilombo mwamphamvu ndipo amayanja anthu amene maso awo amanyansidwa ndi mankhwala ena. Amenewa amabwera ndi kabokosi kawokawo kamene kamaziziritsa mphamvu ya mankhwala, ndipo malenzi ayenera kukhalamo maola osachepera 6. Botolo lake limakhala ndi nsonga yofiira pochenjeza, chifukwa akalowa m'diso mwachindunji amaotcha koopsa. Madzi amchere otchedwa saline ndi ongotsukuluzira, sapha kachilombo kalikonse, choncho musagonekemo malenzi.

Zoopsa: kabokosi kosasamalidwa kamachita ndere yosaoneka ndi maso, momwe mabakiteriya amabisalamo mankhwala osawafika. Woopsa kwambiri mwa iwo ndi Pseudomonas aeruginosa, amene akapeza pokandika pa cornea amatha kukumba chilonda chakuya m'tsiku limodzi kapena awiri. Vuto lina, losachititsa khungu koma losautsa, limabwera lenzi likakalamba n'kudzaza mapuloteni a m'misozi. Kunsi kwa chikope chapamwamba kumatuluka timatuza, diso limayabwa, limatulutsa manthongo, ndipo munthu amakakamizika kusiya malenzi kwa milungu ingapo. Wotsatira ndondomeko ya pamwambayi akhoza kuvala malenzi a mwezi mwamtendere. Wodziwa kuti amagona pampando akuonera kanema, gulu lino lisamukope.

Malenzi a miyezi yambiri kapena chaka, ndi aja okulitsa diso

M'gulu lino muli malenzi ambiri otchedwa circle lens, amene anatchuka ku South Korea ndi ku Japan. Ali ndi mphete yakuda yotambalala kupitirira iris, moti diso limaoneka lalikulu ndi lowala ngati la chidole.

Mtengo: poyang'ana koyamba ndi otchipa kuposa onse, malenzi awiri okha chaka chathunthu. Muwerengerepo madzi otsukira a miyezi 12 ndi timabokosi tinayi, komanso kuti limodzi likang'ambika mwezi wachiwiri mugulanso.

Kupezeka: ali ponseponse pa intaneti, m'masitolo a zodzikongoletsera ngakhalenso kwa ogulitsa pa Instagram ndi TikTok, ndipo kupezeka kosavutaku ndiye vuto lake. M'gululi muli malenzi enieni a makampani olembetsedwa, mulinso achinyengo ndi opanda mwini, onse m'timabotolo tofanana. Bokosi lodalirika limakhala ndi dzina la wopanga, dzina la pulasitiki, miyezo ya BC ndi DIA, nambala ya gulu limene anapangidwira ndi tsiku lotha ntchito, ndipo kabotolo kamakhala komata. Wogulitsa wodalirika amakufunsani pepala la dokotala. Amene akukuuzani kuti lenzi lake limakwana aliyense akukuuzani zinthu zosatheka.

Kasamalidwe: ntchito yonse ya malenzi a mwezi ija, koma pa lenzi limodzimodzilo kwa chaka, osaphonya. Amene amavala mwa apo ndi apo amagwa mumsampha wina: malenzi amakhala m'kabokosi miyezi itatu m'madzi omwe aja, tsiku la phwando munthu n'kungotola n'kuika m'diso. Mankhwala a m'madziwo amakhala atatha mphamvu kalekale.

Zoopsa: ambiri ndi a hydrogel wakale wolowetsa mpweya wochepa, ndipo amakhala okhuthala kuti apirire chaka. Litsiro limaunjikana, m'mphepete mumayamba ming'alu yosaoneka imene imakanda cornea, ndipo utoto wosindikizidwa pamwamba umapezeka kwambiri muno. Ine gulu limeneli sindingalangize munthu amene ndimamukonda kuti alisankhe, pokhapokha katswiri wa maso atamuyeza ndi lenzi lenilenilo ndipo akumuonanso pakapita nthawi. Ndalama zimene mwapulumutsa n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi za chithandizo cha chilonda cha cornea.

Malenzi a zisudzo

Awa ndi aja a maso a mphaka, ofiira, oyera mbee, kapena akuda bii ophimba ndi choyera cha diso chomwe. Ophimba diso lonsewo amafika mamilimita pafupifupi 22. Mukaona wosewera mu filimu ali ndi maso otere, dziwani kuti anayezedwa, malenziwo anawapangira iyeyo, ndipo pamalo ojambulira pamakhala katswiri womuika, kumuthira mankhwala ofewetsa ndi kumuvula nthawi ikakwana.

Mtengo: enieni, makamaka akuluakuluwo, ndi odula. Otchipa ndiwo amadzaza zipatala za maso.

Kupezeka: amachuluka pamsika chikondwerero cha Halloween cha pa 31 October, pamene anthu amavala zoopseza, chikamayandikira, ndipo chaka chilichonse mabungwe a madokotala a maso amachenjeza za iwo nthawi imeneyi. Masiku ano alipo ena a tsiku limodzi, ndipo ngati n'kotheka tengani amenewo.

Kasamalidwe: lenzi lovala kamodzi pa chaka ndi lovuta kulisunga mwaukhondo. Kulitaya mukamaliza n'kwanzeru.

Zoopsa: kuwonjezera pa zonse tatchula kale, ambiri amatchinga kuona. Kamzere ka diso la mphaka kamatembenuka lenzi likazungulira, oyera ena amasiya munthu akuona ngati kudzera m'nsalu, ndipo aakulu aja amamana cornea mpweya ndi misozi yomwe. Amavalidwanso usiku, pamalo a utsi ndi mowa, pamene kuiwala kuvula n'kosavuta. Musayendetse galimoto mutavala malenzi amenewa.

Malenzi opangira munthu mmodzi

Sikuti onse ofuna malenzi autoto akufuna kukongola chabe. Pali amene diso lawo linachita chipsera choyera pambuyo pa ngozi kapena matenda, amene anabadwa opanda iris kapena ndi iris yong'ambika, komanso anthu achialubino amene kuwala kumawapweteka m'maso. Kwa amenewa kuli malenzi opangidwa mwapadera, ena ojambulidwa pamanja motsanzira diso linalo, ena okhala ndi utoto wochepetsa kuwala.

Mtengo wake ndi wokwera kuposa magulu onse. Amapezeka kudzera kwa katswiri wa maso yekha, ndipo mumadikira milungu kuti apangidwe. Amakhala miyezi yambiri, choncho kasamalidwe kake ndi kokhwima, ndipo madzi otsukira akhale okhawo amene katswiri wanena chifukwa ena amasulutsa utoto. Choopsa chapadera n'chakuti diso lovulala kale nthawi zina silimva ululu bwino, moti chilonda chikhoza kuyamba mwiniwake osadziwa. Masiku okaonedwanso musamawaphonye.

Ndinenepo pang'ono za maopaleshoni osinthiratu mtundu wa maso, popeza amalengezedwa kwambiri pa intaneti ngati njira yothana ndi chintchito cha malenzi. Kuika iris yapulasitiki mkati mwa diso labwinobwino kwachititsa anthu glaucoma (matenda owononga mtsempha woonera), ng'ala ndi kuwonongeka kwa cornea, ena mpaka khungu. Bungwe la madokotala a maso la American Academy of Ophthalmology limachenjeza za opaleshoni imeneyi komanso za kubaya utoto mu cornea pofuna kukongola. Lenzi likakuvutani mumavula, koma zimenezi sizibwerera m'mbuyo mosavuta.

Zosasintha, kaya mwasankha gulu liti

Madzi wamba asakhudze malenzi anu. A pampopi, a mumtsinje, a m'dziwe losambiramo, onsewa amatha kukhala ndi kachilombo kotchedwa Acanthamoeba. Tikamwa madziwo sikatichita kanthu, koma kakatsekeredwa pakati pa lenzi ndi cornea kamayambitsa matenda opweteka kwambiri ndi ovuta kuchiza. Wodwala amadontheza mankhwala ola lililonse, usana ndi usiku, masiku oyambirira, chithandizo n'kupitirira miyezi, ndipo ena amafika pofunika kuikidwa cornea ya munthu wina. Choncho vulani malenzi musanasambe ndi musanasambire, pukutani manja aume, ndipo musanyowetse lenzi ndi malovu.

Musagone nawo, ngakhale katulo ka masana. Bungwe loona za matenda la CDC la ku United States limanena kuti kugona ndi malenzi kumachulukitsa chiopsezo cha matenda a cornea ka 6 mpaka ka 8. Chikope chikatsekeka mpweya umachepa, misozi siyenda, ndipo pansi pa lenzi pamafunda bwino kwa mabakiteriya.

Musabwerekane. Malenzi autoto amakopa anzanu kunena kuti "tabwereke ndiyese ndione mmene ndingaonekere", zimene sanganene ndi malenzi wamba. Kanani. Matenda a maso ofiira ndi mavairasi ena amayenda ndi lenzi, ndiponso lokwana inu likhoza kuthina iye. Pa zodzoladzola, yambani kuika malenzi kenako phodani, ndipo madzulo vulani malenzi musanachotse zophodazo.

Diso likafiira, likamapweteka, likamaopa kuwala, likamatulutsa manthongo, kuona kukachita nkhungu, kapena mukaona kadontho koyera pa cornea, vulani lenzi nthawi yomweyo. Ngati ululu kapena nkhunguyo sizikuchoka mutavula, pitani kwa dokotala wa maso tsiku lomwelo, osadikira mawa. Lenzi ndi kabokosi musataye, pitani nazo, chifukwa akhoza kuziyeza n'kupeza kachilombo kake. Musadontheze mankhwala otsala a munthu wina. Ena ali ndi steroid amene amachotsa kufiira uku chilonda chikukula. Ndipo muuzeni dokotala zoona za kumene munagula malenziwo ndi mmene munawavalira. Ambiri amachedwa chifukwa choopa kudzudzulidwa, koma mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Tsono inu mutenge ati?

Ngati mukufuna malenzi a paukwati, pojambulitsa kapena pa phwando la apo ndi apo, tengani a tsiku limodzi. Mudzalipira zochepa pa chaka ndipo simudzasunga kanthu m'kabokosi. Yesani kuwavala kunyumba masiku angapo tsiku lalikululo lisanafike, kuti manja azolowere kuika ndi kuvula. A tsiku limodzi ndi abwinonso kwa woyamba kumene, kwa woyendayenda, kwa amene maso ake amayabwa nyengo ya fumbi ndi mungu, ndi kwa wachinyamata amene makolo ake akukayika ngati angasamale kabokosi.

Ngati mumavala kale malenzi okonza kuona ndipo mukufuna autoto a tsiku ndi tsiku, kuntchito kapena kusukulu, a mwezi a silicone hydrogel ndiwo oyenera, malinga ngati ndondomeko ya usiku ija ndi chizolowezi chanu kale. Khalani ndi magalasi ovala pamphuno m'chikwama, kuti diso likadandaula muthe kuvula pomwepo.

Ngati muli ndi astigmatism ndipo autoto a mphamvu yanu sakupezeka, njira ina ndi kuvala autoto a 0.00 oyezedwa bwino, pamwamba n'kuvala magalasi anu. Musaphatikize malenzi awiri m'diso limodzi.

Ngati mumayendetsa galimoto usiku, kapena ntchito yanu ndi ya m'malo a mdima, pewani utoto wophimba nthawi imeneyo. Ngati mumagwira ntchito m'fumbi, mu utsi kapena ndi mankhwala ouluka, malenzi asiyeni a tsiku lopuma. Amene maso awo amauma kale, amene amadwala maso pafupipafupi, a matenda a shuga, ndi amene ali ndi diso limodzi lokha loona, ayambe akambirana ndi dokotala ngati n'koyenera kuvala malenzi n'komwe, ndipo akakanizidwa amvere.

Ngati ndinu wa zisudzo, pezani malenzi kudzera kwa katswiri, muwavale nthawi ya seweroyo yokha, ndipo aakulu ophimba diso lonse musawaike nokha koyamba. Ngati mukufuna kubisa chipsera kapena kuchepetsa kuwala, pitani ku chipatala cha maso mukafunse za opangira munthu mmodzi, musalimbane ndi a pamsika. Ngati pakali pano mulibe njira yofikira kwa katswiri woti akuyezeni, dikirani mpaka mutaipeza.

Mukayezedwa ndi kusankha gulu, ndiye nthawi ya mtundu yakwana. Wa maso abulauni woderapo amene akufuna kusintha kosadzidzimutsa ayang'ane ooneka ngati uchi, abulauni wowala kapena otuwa okhala ndi mphete yakuda m'mphepete, chifukwa amasakanikirana ndi diso lake lenileni pozungulira mwana wa diso. A buluu ndi obiriwira owala amaonekera patali kuti ndi malenzi, zimene zili bwino ngati n'zimene mukufuna. Zithunzi za pa bokosi musazidalire, popeza lenzi limodzimodzi limaoneka mosiyana pa diso lililonse. Pemphani loyesera, dziyang'aneni pagalasi panja padzuwa, kenako lowani m'chipinda chamdima muone ngati m'mbali mukuoneka bwino.